Mutu 7: Thobwa la Azakhali

1. Lamlungu la Mphepo

Mphepo ya ku Cape Town ikayamba sidziwa kuti lero ndi tsiku lopemphera. Inayamba m'mamawa kugwedeza malata a ku Masiphumelele, ndipo mapemphero atatha inali ikadali pantchito. Ulemu sanamve ulaliki ngakhale pang'ono. Ankangotulutsa foni, kuiyang'ana, kuibweza m'thumba, kenaka kuitulutsanso.

Ulemu anali mtsikana wa Giredi 11. Ankakhala ndi bambo ake, a Overtone, amene ankasamalira maluwa ndi kapinga m'nyumba za ku Kommetjie. Mayi ake anatsala kumudzi ku Chiradzulu ndi ana awiri aang'ono.

Lachiwiri lapitalo a Overtone anagwa ali pantchito. Anati dziko likuzungulira, kenaka mawu awo anasasa, malovu n'kuyamba kuwatsamwitsa. Mwini nyumba anaitana ambulansi. Kuchipatala chachikulu cha m'tauni madokotala anati ndi sitiroko. Manja ankagwira, mutu unali bwinobwino, koma kumeza kunakanika. Anawalowetsa kapaipi m'mphuno kofika mpaka m'mimba, ndipo pamwamba pa bedi anamata pepala loletsa kuwapatsa chilichonse pakamwa.

Pepala limenelo ndi limene linasowetsa banja lonse mtendere.

Foni inanjenjemera. Anali mayi ake, atumiza mawu ojambula. Ulemu anaika foni kukhutu.

"Ulemu, usandinamize. Bambo ako adya chiyani dzulo? Ndikumva zoti chipatala chimenecho sichilola ngakhale phala. Munthu wodwala angadzuke bwanji m'mimba muli mbee? Mverani zimene akukuuzani alamu anga."

Alamu a mayi akewo anali a Cecilia, mlongo wawo wamkulu wa a Overtone. Ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Camps Bay ndipo ankagona konko, koma Loweruka madzulo ankabwera kwa iwo ku Masiphumelele. Anali mayi wa mtima wabwino kwambiri, wa mtundu uja woti akakukonda ulibe kothawira. Anatulukira pakhomo la tchalitchi atanyamula chinthu chokulunga m'chitenje ngati khanda.

"Tsegula chikwama chako cha kusukulucho," anatero a Cecilia.

"Muli chiyani, azakhali?"

"Thobwa. Latsopano ili, ndaphika dzulo iwe utapita kukachapa. Mawere ake ndinachita kuitanitsa kumudzi pa basi. Alonda a pageti sapisa m'zikwama za ana a sukulu, ndiye ulinyamule iweyo."

"Koma paja pali pepala lija."

"Pepala ndi m'bale wako? Ine ndinadwazika agogo ako ku Zomba miyezi itatu. Ndinkagona pansi pa bedi, ndinkaphika pa nkhuni kunja kwa chipatala, ndinkawamwetsa ndi supuni. Kuno amathamangitsa magadiyani n'kumusiya munthu ndi paipi ngati galimoto yothira mafuta. Tikumane pa renki ya matakisi wani koloko. Usachedwe."

Botolo la malita awiri linalowa m'chikwama, pakati pa mabuku. Zipi inakana kutsekeka bwino, ndipo chivindikiro chofiira chinatsala chikusuzumira panja.

2. Chenjezo la a Viness

Chivindikiro chimenecho ndi chimene a Viness anachiona. Iwo anali a ku Rumphi, ndipo kwa zaka zisanu ndi zinayi anakhala akusamalira nkhalamba zodwala m'nyumba za ku Constantia. Ku tchalitchi ankadziwika kuti salankhula kawirikawiri, koma akayamba umafunika kupeza pokhala.

"Iwe Ulemu, tabwera kuno kuseri, kulibe mphepo," anatero. "Limenelo likupita kuchipatala?"

Ulemu anangoyang'ana pansi.

"Ika chala pakhosi pako. Eya, pamenepo. Meza malovu."

Ulemu anameza. Kholingo linakwera n'kutsika pansi pa chala chake.

"Mezanso, koma pomezapo ukoke mpweya."

Anayesa kawiri. Zinakanika, ndipo anatsala pang'ono kuseka.

"Wakuletsa ndani?" anafunsa a Viness. "Ine sindinakugwire. Tsono khala pa njerwa apa umve, chifukwa zimenezi ineyo ndinaziphunzira mochedwa.

"Pakhosi pali njira ziwiri zogundana. Ya kutsogolo ndi ya mpweya, imapita kumapapo. Ya kumbuyo ndi ya chakudya, imapita m'mimba. Khomo lake ndi limodzi. Ndiye kunkhongo kuno, pamene ubongo umalumikizana ndi msana, pali kachigawo kakang'ono kamene madokotala amati tsinde la ubongo. M'menemo muli timaselo tosagona. Ntchito yake ndi kutumiza uthenga mobwerezabwereza kwa timaselo tina, timene timalamula minofu. Timati koka, siya, koka, siya. N'chifukwa chake umapuma ngakhale uli m'tulo. N'chifukwa chake umatafuna chimanga uku ukucheza, osawerenga kuti nsagwada zatsika kangati. Iwe umangoyambitsa, zotsalazo timayendetsa tokha.

"Kumeza ndiye kovuta kuposa zonse. Minofu yake ndi yoposa makumi awiri, ndipo uliwonse uli ndi nthawi yake. Lilime likankhe, mpweya uime, njira ya kumapapo itsekeke, ya m'mimba itseguke, kenaka mpweya uyambirenso. Zonsezo zimatha usanaphethire kawiri. Munasinjapo awiri mumtondo umodzi?"

"Kumudzi, ndi msuweni wanga."

"Munsi wina ukamatsika, wina umakwera. Chimene chimakusungani kuti minsi isagundane ndi nyimbo imene mukuimba. Timaselo ta patsinde tija ndiye nyimboyo. Bambo ako minofu ali nayo, mphamvu ali nazo. Sitiroko yawasokonezera nyimbo. Ukawathira thobwa m'kamwa, njira ya kumapapo ichedwa kutseka, ndipo lina litsikira kumeneko."

"Ndiye atsamwa?"

"Akanati azitsamwa nthawi zonse bwenzi zili bwino, chifukwa bwenzi ukuona n'kuleka. Choopsa n'chakuti mwina sangatsokomole n'komwe. Kutsokomola nakonso kumalamulidwa pamalo omwewo. Thobwa limatsika mwakachetechete, inu n'kumawomba m'manja kuti wodwala wamwa. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri, thupi limatentha, mpweya umathamanga, mawu amamveka ngati munthu akulankhulira m'madzi. Chimenecho ndi chibayo, ndipo chimapha."

A Viness anakonza duku limene mphepo inkafuna kulanda.

"Ndinali ndi msuweni wanga, Edmund. Anadwala matenda omwewa chaka chimene ndinafika kuno. Pepala analimata, ife tinaliona, koma tinati za azungu zimenezo. Analira ludzu, tinamumvera chisoni. Tiyi tinapita naye m'fulasiki. Kapu ndinagwira ndine, ndi dzanja ili. Anamwa yense, anati yewo, ife tinabwerera kunyumba tikuimba. Patatha sabata tinamukweza m'bokosi pa ngolo ya basi. Palibe amene anandiimba mlandu, mwana wanga, koma ine ndimadziwa."

Ulemu anameza malovu, ndipo ulendo uno anamva bwino lomwe mpweya wake ukuima.

"Usaganize kuti akufa ndi njala," anapitiriza a Viness. "Kapaipi kaja kakuwadyetsa. Ndipo ambiri amayambiranso kumeza. Kuchipatalako kuli munthu amene ntchito yake ndi kuyesa zimenezo. Tsiku limene adzanene kuti yambani, mudzayamba ndi kasupuni, zimene iye wanena, m'mene iye wanena. Lero ukapemphe a nesi kathonje konyowa uwapukute milomo. Basi."

"Anti, bwanji mukawauze nokha azakhali? Ine sangandimvere."

"Ndinawaimbira Lachinayi. Anandiyankha kuti ndakhalitsa m'nyumba za azungu mpaka ndaiwala kudwazika. Komanso thuu koloko ndikulowa ntchito ku Constantia. Botolo lili m'chikwama chako, Ulemu, si changa."

3. Pa Sitima

Takisi ya ku Fish Hoek inadzaza msanga. A Cecilia anakhala pawindo n'kuyamba kufotokozera mayi wina wosawadziwa za matenda a mchimwene wawo, theka m'Chichewa, theka m'Chingerezi chawo cha kukhitchini. Ulemu anaika chikwama pamiyendo. Takisi ikadumpha, thobwa linkakhutchumuka m'botolo.

Atakwera sitima ku Fish Hoek, Ulemu sanathe kukhala malo amodzi. Anakhala, anaimirira, anapita pakhomo, anabwerera. Kunja nyanja inali yoyera ndi thovu, ndipo mchenga unkawomba pamawindo.

"Uli ndi nsikidzi?" anafunsa a Cecilia. "Khala pansi, anthu akukuyang'ana."

Moyang'anana nawo panakhala mayi akuyamwitsa khanda. Ulemu analiyang'anitsitsa. Linkayamwa, kumeza, kupuma, kuyamwa, kumeza, kupuma, maso ali chitsinzire. Palibe analiphunzitsa, ndipo silinalakwitse ngakhale kamodzi.

Sitima itayandikira potsikira, Ulemu anakankhira chikwama kunsi kwa mpando ndi chidendene. Anaimirira n'kulunjika pakhomo manja ali m'thumba. Nzeru imeneyi inali yopusa, chifukwa m'chikwamamo munalinso mabuku ake onse a mayeso, komanso a Cecilia sanali munthu woiwala katundu.

"Chikwama!" anakuwa. "Mwana iwe mutu wako uli kuti lero?"

Ulemu anabwerera n'kuchitola. Pageti la chipatala mlonda anawalonjera m'Chixhosa, anayang'ana m'kathumba ka a Cecilia, ndipo analozera Ulemu kuti adutse. A Cecilia anatsina Ulemu pamkono mosangalala.

4. Kuseri kwa Katani

A Overtone anagona pa bedi lakumapeto, pafupi ndi windo. M'masiku asanu okha masaya anali atalowa. Kapaipi kanamatidwa pamphuno, ndipo pambali panali kambale kolavuliramo, popeza ngakhale malovu awo ankawavuta. Pepala lija linali pamalo pake.

"Adadi, mwaswera bwanji?"

"Pang'ono, mama." Mawu awo anali osasa, onyowa. Maso awo sanakhalitse pankhope ya Ulemu. Anapita pachikwama.

A Cecilia anasuzumira m'kanjira ka pakati pa mabedi. Nesi anali kutali, akulemba patebulo lake. Anakoka katani kuzungulira bedi, natulutsa kapu ya pulasitiki m'thumba la jekete.

"Ine ndiwadzutsa mutu. Iwe thira, theka lokha, uwamwetse pang'onopang'ono."

Ulemu anavula chikwama. M'malo mochitsegula, anachikumbatira pachifuwa.

"Sindithira, azakhali."

"Wati chiyani?"

"Sindithira. Likalowa m'mapapo."

"Wakumana ndi Viness eti? Ndinadziwa!" A Cecilia ankanong'ona, koma kunong'ona kwawo kunkamveka mpaka bedi lachitatu. "Tamvera kuno, mwana iwe. Munthu uyu ndinamubereka kumsana ine, iwe kulibe, mayi ako kulibe. Atadwala chikuku ndinamumwetsa ndine. Kwathu munthu akadwala sitimuonerera. Timamugwira mutu, timamupatsa kanthu kofunda, kuti adziwe kuti ali ndi abale. Ukufuna anthu kumudzi adzamve kuti Overtone anagona m'chipatala cha ku Kepu, mlongo wake ali pompo, mwana wake ali pompo, osamupatsa ngakhale dontho? Nkhope ndidzaiika kuti? Sukulu imeneyi yakuphunzitsa kuwerenga mapepala a pakhoma, koma chisoni yakulanda."

Ulemu anakumbatira chikwama molimba.

"Ulemu." Anali bambo ake. Anatambasula dzanja, lija la zikanga za fosholo, n'kumugwira chala. "Kukhosi kwauma, mama. Usiku ndimalota ndikumwa pa mpopi. Kamodzi kokha. Ndakupemphapo chiyani ine chibadwire chako?"

Panalibe chimene anamupemphapo. Anthu ena akanakhala ndi ana ku Kepu akanawatuma kukagwira maganyu, koma a Overtone ankadzuka mdima uli bii kuti iye azingopita kusukulu. Pempho la bambo akelo linamupweteka Ulemu kuposa mawu onse a azakhali ake, ndipo misozi inayamba kutsika osaipukuta.

"Adadi, ndikupemphereni kathonje konyowa ndikupukuteni milomo. Zimenezo amalola."

"Thonje?"

"Mukachira ndidzakuphikirani ndekha. Lero ayi."

A Overtone anasiya chala chija. Anatembenuza nkhope pang'onopang'ono n'kuyang'ana kuwindo.

"Waona?" anatero a Cecilia. "Waona zimene wachita? Bweretsa kuno botololo!"

Anagwira lamba wa chikwama. Ulemu anakana kusiya. Anakokana kuseri kwa katani, mayi wa Mvano ndi mwana wa sukulu, onse atavala za kutchalitchi, mpaka kambale kaja kanagwa pansi.

"Za mapapo zakozo ndi zabodza!" anatero a Cecilia akupuma mwawefuwefu. "Lachisanu nditaweruka ndinabwera ndekha. Anamwa makapu awiri, awiri athunthu! Sanatsokomole ngakhale kamodzi. Afunse!"

Ulemu anasiya kukoka.

5. Makumi Atatu ndi Kawiri

"Lachisanu?"

"Eya. Ndiye ukuona kuti wafa?"

Ulemu anaika chikwama pansi n'kuzungulira bedi. Anaika chikhatho pachipumi cha bambo ake. Chinali chotentha ngati lata la masana. Anayang'ana bulangeti pachifuwa pawo. Linkakwera ndi kutsika mofulumira, ndipo mpweya uliwonse unkatuluka ndi kaphokoso ka madzi.

Pakhoma la wodi panali wotchi. Anasuntha katani pang'ono kuti aione, nayamba kuwerenga kupuma kwa bambo ake. Mphindi imodzi itatha anali atafika makumi atatu ndi kawiri. Anawerenganso kupuma kwake iye mwini, ndi mantha ake onsewo, ndipo sanafike makumi awiri.

"Ndikukaitana a nesi."

A Cecilia anamugwira pamkono. Nkhope yawo inali itasintha.

"Ukawauza chiyani?"

"Zonse. Akapanda kudziwa chimene chalowa, awathandiza bwanji?"

"Ulemu, mwana wa achimwene anga, taima kaye. Ukudziwa za mapepala anga okhalira m'dziko muno. Anatha chaka chatha. Ukanena kuti ndine, aitana alonda, alonda aitana apolisi. Ungonena kuti thupi latentha, basi. Zinazo usiye."

Ulemu anayang'ana dzanja limene linamugwira. Linali dzanja lomwelo limene linamugulira yunifolomu atangofika kumene ku Kepu. Analichotsa pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, n'kutuluka m'katani. Poyamba ankayenda, kenaka anathamanga.

Nesi anali mayi wamkulu thupi, wa magalasi. Sanadikire kuti Ulemu amalize. Anabwera ndi kamakina, nakapanitsa pachala cha a Overtone, namvetsera pachifuwa ndi kumsana. Anayang'ana kapu imene inali pabedi, kenaka chivindikiro chofiira m'chikwama.

Analankhula m'Chingerezi. Anati kutenthako anakuona kuyambira m'mawa, ndipo dokotala anali atauzidwa kale, koma ankadabwa kuti kwachokera kuti. Anafunsa ngati wodwalayo wamwa kanthu.

Ulemu anayankha kuti lero sanamwe. Anati Lachisanu madzulo anamwa makapu awiri a chakumwa cha ufa ndi mawere, chokhala ndi timisere.

Nesi anatseka maso kamphindi. Kenaka anafunsa funso lina lalifupi.

"Akuti chiyani?" ananong'ona a Cecilia.

"Akufunsa kuti anawamwetsa ndani."

A Cecilia anayang'ana chitseko cha wodi. Chinali chotsegula, masitepe anali pafupi, ndipo panalibe mlonda. Anayang'ananso mchimwene wawo, amene tsopano ankapuma kukamwa kuli yasa. Anadziguguda pachifuwa ndi chikhatho.

"Ndine. Auze kuti ndine mlongo wake. Auze kuti ndimafuna achire."

Ulemu anamasulira. Nesi sanafunse za mapepala, sanaitanenso mlonda. Anangopukusa mutu, nati, "Hayi, sisi," ndipo anatola foni ya pakhoma kuitana dokotala.

Zotsatira zinachitika mofulumira. Kunabwera dokotala wamkazi wachitsikana, kunabwera botolo la mpweya pa kangolo, ndipo katani linatsekedwanso. Ulendo uno Ulemu ndi azakhali ake anatsala kunja kwake.

A Cecilia anawerama n'kusolola botolo m'chikwama. Pakona ya wodi panali sinki yosambira m'manja. Anatsegula chivindikiro n'kupendeketsa botolo. Thobwa linatenga nthawi kuti lithe, ndipo fungo la mawere linadzaza wodi yonse, moti nkhalamba ina ya pa bedi loyandikana inadzutsa mutu. A Cecilia ankalira osatulutsa mawu, uku akutsukuluza sinki ngati ali kuntchito ku Camps Bay.

Katani linatseguka. Dokotala anafunsa ngati Ulemu ndiye mwana wa wodwalayo. Anati chibayo chagwira phapo la kumanja, ndipo akuwasamutsira ku chipinda cha odwala kwambiri, kumene alendo salowa mwachisawawa. Anati zimene Ulemu wanena zawathandiza kudziwa chimene akulimbana nacho. Ulemu anafunsa ngati bambo ake achira. Dokotala anati masiku awiri akubwerawa ndi amene anene.

Anyamata awiri a yunifolomu anayamba kukankha bedi. A Overtone anali atavekedwa chophimba mphuno ndi pakamwa, ndipo chinkachita nthunzi n'kuyera, nthunzi n'kuyera. Nkhope sanaitembenuze. Koma dzanja lawo linatuluka m'bulangeti n'kumafufuza m'mbali mwa bedi, mpaka linapeza chala cha Ulemu.

Ulemu anayenda nawo choncho m'khonde lonse, akuwerenga kupuma kwawo chamumtima. Atafika pa chitseko cha magalasi, nesi anamugwira paphewa. Chala chinapulumuka, bedi linalowa, chitseko chinatsekeka.

M'thumba foni inayamba kulira. Sanali mawu ojambula ulendo uno, mayi ake ankaimba ndithu. Ulemu anayang'ana azakhali ake, amene anaima kumbuyo kwake ndi botolo lopanda kanthu, ndipo anayankha.

"Halo, Ulemu? Mwafika?" Mawu a mayi ake anali ansangala, ndipo chapatali kunkamveka nkhuku za kumudzi. "Tandiuza msanga, mtima wanga ukhale pansi. Amwa thobwa lija?"